Dzina lanu pa mzati wa msasa

Okondedwa achimwene a Zakeyu,

Landirani moni ndi manja awiri. Kuno ku Mpingu tili bwino, kungoti amayi mwendo uja ukuwavutabe. Kaya inu ku Joniko?

Lachisanu lapitali ife a m'kwaya tinanyamuka wapansi kupita ku Dzalanyama. Aphunzitsi a Banda anati tikaone phiri, tikaduleko ndi nsungwi. Tinagona masiku awiri m'misasa ya udzu momwe amagona anthu opita selefu, aja othawira kumigodi wapansi. Utitiri wake, osanena.

Lamulungu m'mawa ndikupinda mphasa, ndinaona malemba osema ndi mpeni pa mzati: ZAKEYU WA KU MPINGU. Z wake woyang'ana kumbuyo, monga mumalembera inu basi. Ndinataya mphasa pansi, maso ali pa mzatipo.

A Banda anafunsa, "Kodi mwaona njoka?"

Ndinati, "Iyayi, ndaona achimwene anga." Anzanga anaseka.

Chibwerere mtima sukukhazikika. Ndikagwira khasu, maso ali kumapiri. Dzulo ndinathirira nazale ya fodya kawiri osadziwa, mpaka apongozi akuti ndadwala.

Tandiuzani, kuchoka pa msasapo njira imalowera kuti? Yankho lake mulembe pa pepala lapadera loti ndilibise amayi asanalione, poti amayi amawerenga mapepala a kalata yanu ndi zala ndisanayambe kuwawerengera, ndipo salola kuti ndidumphe mawu.

Mulungu akusungeni pansi pa mgodipo. Pa mzati paja, kunsi kwa dzina lanu, patsala malo. Mpeni ndanola kale.

Ndine mng'ono wanu,
Lazalo