Dzina Lanu Lakwera Lichero

Amayi, kaya mwadzuka bwanji uko muliko? Ndine Esinati. Dzanja mukulionali ndi la mwana wanu Fanuwelo, ndamukhazika pansi dala kuti manyazi akewa alembe yekha. Lemba iwe, usakometse.

Ndiyambe ndi zabwino. Chimanga chachita, nkhokwe yadzaza, koma nandolo wadyedwa ndi mbozi. Mdzukulu wanu Rozi wachira Lachiwiri kuchipatala ku Ndunde, mwana wamkazi, mphuno yanu yeniyeni. Tinati akhale Dorika, dzina lanu. Apa ndiye pagona nkhani.

Fanuwelo mukumudziwa ndi makope ake aja. Walemba nthano, ndipo anaiwerenga pa wailesi Loweruka lapitalo, mudzi wonse uli tcheru. Akuti zaka zikubwerazo minda idzatha kuno ku Chiradzulu, ndiye mayi wina adzaluka lichero lalikulu ngati tchalitchi, n'kunyamula anthu kupita nawo kumwezi kukalima. Mayiyo dzina lake Dorika. Lichero, amayi. Munthu wobadwira konkuno, sukulu mpaka Fomu 4, osadziwa kuti ouluka pa lichero ndi afiti?

Iye akuti ayi, lakelo likuyendera mphamvu ya dzuwa, muli mawaya, mulibe mankhwala, ndi sayansi. Akutinso olemba enieni amatero, bodza kuti ligwire umalithira zoona pang'ono. Ndiye anathiradi. Chipsera cha pamkono panu chija chilimo. Kutsokomola kwanu musanayankhule kulimo. Ngakhale mtengo wa mapeyala wa kuseri kwa nyumba ulimo. Akuti amakulemekezani. Kaya, mwina ine kusaphunzira, koma ulemu umenewu wandinyansa.

Munkati lilime lili ngati mbuzi, ukalimasula limakadya m'munda mwa eni. Ndinapita kuchigayo ku Namadzi, azimayi atangondiona nkhani zii. Kenako wina n'kundifunsa, kwinaku akuseka, ngati munatisiyira makiyi a lichero lija. Ndinasenza ufa wanga n'kubwerera kunyumba. Inu amene simunajombepo kutchalitchi ngakhale kugwe mvula yotani, lero mukutchulidwa pamodzi ndi odya maliro.

Tsono apongozi ake a Rozi a ku Nchema atumiza mawu. Akuti dzina limenelo pa mdzukulu wawo ayi, poti waulula ndi mwana wobala yekha, pa wailesi, iwo angatsutse bwanji? Mchombo ugwa lero kapena mawa, mwana atuluke m'chikuta, koma mpaka pano tikungomuti uyu. Rozi akungolira, mkaka mpaka wachepa.

Fanuwelo akuti alemba gawo lachiwiri, licherolo alisandutse basi. Ndamuuza kuti basiyo akwere yekha. Mawa m'mamawa tikupita ku Nchema wapansi, akagwade pabwalo, akanene ndi pakamwa pake kuti zonse anapeka, kuti amayi ake lichero ankangopetera mphale. Taonani waima kulemba, akundiyang'ana. Lemba, sindinamalize.

Sindikudziwa ngati akamumvera, amayi. Wailesi inafika nyumba zambiri, ife tifika imodzi. Koma ndikukulonjezani, amve asamve, tsiku limene madzi a ubatizo adzagwere mwanayu pamutu, abusa adzatchula Dorika, ndipo ndidzamunyamula ndine, kutsogolo, anthu onse akuona.

Moni kwa abambo ngati mumakumana kumwambako. Ndimakukondani monga kale.

Ine mwana wanu woyamba,
Esinati