Sikunali Kunyada, Amayi

Amayi, kodi kumeneko mukukhalako bwanji?

Ine kuno ku Kaseye, m'boma la Chitipa, ndili bwino, ndikuphunzitsabe Sitandade 4. Papita mvula zitatu chikuikireni m'manda kwathu ku Dedza. Chimanga chaka chino tadzaza nkhokwe, nyemba zokha ndiye zinapserera. Mdzukulu wanu Tiyamike wayamba sukulu, ndipo tsopano ali ndi mlongo wake, kamnyamata kolira ngati kalipidwa. Mkamwini wanu akupereka moni.

Nkhani yeniyeni ndi ya maso angawa. Mukukumbukira mmene munkandikalipira ndikapitirira akuluakulu panjira? "Iwe Esinati, mawondo akowo ndi achitsulo?" Tsiku lina munandikwapula ndi kanthambi ka pichesi chifukwa ndinadutsa amalume osawagwadira. Ndinalira kuti sindinawaone, inu n'kuti, "Munthu wamkulu ngati nkhokwe, osamuona?"

Kunotu moni si nkhani yamasewera. Ukayamba ndi "mwaghona", moni wawo wa m'mawa, ufunse za ana, za ng'ombe, za kumunda. Poopa mbiri ya kunyada, ndinayamba kupatsa moni chilichonse chooneka ngati munthu. M'mawa wina ndinagwada bwinobwino n'kunena "monire adada" kwa chitsa chopserera cha m'mbali mwa njira ya kusukulu. Azimayi opita kudimba anaseka mpaka kutula madengu. Manyazi ake! Ndinalumbira kuti chinthu chosalankhula sindidzachipatsanso moni.

Sabata yotsatira, chapafupi pomwepo, panaima chinthu chakuda chili duu. Ine n'kudutsa khosi gwa. Amayi inu, anali a tcheyamani a chipani a dera lino, ataima kudikira moni wanga. Masana aphunzitsi aakulu anandiitana. Anati, "Mayi, dandaulo lafika. Akuti mumanyoza chipani. Kalata ikangopita ku Boma, ntchito yatha, mwinanso zoposa pamenepo." Ndinachita mantha, sindikubisirani. Ndinaulula zomwe ndinkabisa zaka zonsezi, kuti ngakhale ana a kumbuyo m'kalasi ndimawadziwira mawu. Iwo anakapempha a tcheyamani kuti adikire ndikaonane ndi madokotala.

Magalasi a pamphuno ndinali nditayesapo kawiri, osathandiza. A chipatala cha pa Boma ananditumiza ku Blantyre, ulendo wa basi wothyola msana. Dokotala wa maso anati kachikopa koonekera kapamwamba pa diso, komwe kwa anthu ena n'kozungulira bwino, kwa ine kanasongoka ngati nsonga ya dzira. Anandiyeza, n'kuitanitsa kunja timagalasi tiwiri tolimba, tochepa ngati mamba a nsomba, tokhala padiso penipeni. Pepala lomwe dokotalayo anandilembera, a tcheyamani analikana, ati pepala aliyense akhoza kulemba. Teremu yonse ndinaphunzitsa mtima uli m'mwamba, mpaka patchuthi pamene ndinabwereranso kukatenga timagalasito.

Masiku oyamba tinkandilasa ngati mchenga. Fumbi la Chitipa likalowa, misozi chuchuchu. Koma ndinazolowera. Ndimasamba m'manja ndisanatigwire, pogona ndimatisunga m'kabotolo ka mankhwala ake, ndipo Tiyamike akudziwa kuti kabotoloko n'kosakhudza.

Sukulu itatsegulidwa anandiitanitsa pamaso pa komiti ya sukulu, a tcheyamani ali pomwepo. Ndinakoka chikope, kagalasi n'kugwera m'dzanja. A tcheyamani anadumpha pampando: "Ehe! Wazula diso!" Atayandikira anakayang'anitsitsa, kenako anakaima kumapeto kwa bwalo n'kukweza zala. Nditachotsa timagalasi tonse tiwiri, ndinati sindikuona ngakhale dzanja. Nditativala ndinati, "Zitatu, bambo, ndipo chipewa chanu chapendekeka." Anthu anaseka, iwonso n'kuseka. Ndinapita pomwepo n'kuwagwadira. Anati, "Yewo, vyamara," kutanthauza kuti zatha. Kalata ija sinapite.

Nditafika kunyumba ndinatsitsa chithunzi chija tinajambulitsa pa ukwati wanga. Kale ndinkachiika pamphuno, n'kumangoona mbuu. Tsiku limenelo ndinakuonani nkhope koyamba. Mphini ziwiri za patsaya, mpata wa mano, zonse. Kenako ndinaona maso anu. Mwatsinzinira, mutu mwapendeka, ndendende mmene ndinkachitira ine pofuna kuona chinthu.

Ndinakhala pansi. Ndinakumbukira "moni kumeneko!" wanu uja, yemwe munkakuwa munthu adakali patali, n'kudikira ayankhe musanamutchule dzina. Ndinakumbukira kuti singano munkati ndikulowetsereni ulusi ndine, ine n'kukapatsira mng'ono wanga kuseri. Anthu ankakutamani kuti Nachisale ndi waulemu, salambalala ngakhale mwana. Ndi zitsa zingati zomwe munazipatsa moni, Amayi, osauza munthu? Ndinalira. Za kanthambi ka pichesi kaja ndilibe nazo kanthu. Munkafuna kundiphunzitsa njira yokhayo yomwe inakupulumutsani inu.

Dzulo Tiyamike anadutsa agogo ake a kuchimuna pachitsime osawapatsa moni. Dzanja langa linanyamuka lokha, koma ndinalibweza. Ndinamufunsa kuti pamtengo wa mango pali mbalame zingati. Anatsinzinira, n'kupendeka mutu.

Tchuthi chikubwerachi ndipita naye kwa dokotala uja. Pobwerera tidzatsika ku Dedza, tidzalambule pamanda panu. Ndikukulonjezani kuti mwana ameneyu sadzakwapulidwa chifukwa cha munthu yemwe sanamuone.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati