Mbali ya Amayi Inkatentha

Battambang,
sabata lotsatira Chaka Chatsopano

Okondedwa achimwene Kimheng,

Landirani moni wanga wa manja awiri. Kaya mukudzuka bwanji kumeneko ku Korea? Chifuwa chija chinakusiyani? Nanga bowa wa abwana anu akukula bwino? Ife kuno tili bwino tonse, ndipo mawu akuti "tonse" muwawerenge kawiri, chifukwa amayi alimo. Amayi sakudwala, achimwene. Sanadwale n'komwe.

Ndasankha kalata m'malo mwa foni chifukwa inu pafoni simumvetsera. Mumangodikira kuti munthu apume mpweya kuti mulowetse zanu. Khalidwe limeneli munatengera ababa. Pepala simungalidule mawu, ndiye khalani pansi muwerenge.

Nkhani ndi ya galimoto munagulira ababa ija, yakale yochokera ku Amereka. Mmene amaikondera mukudziwa. Amaipukuta m'mawa iwo eni asanasukusule. Mpando wa chiwongolero ndi wawo, wa pambali ndi wa amayi, ndipo chiigulireni palibe amene anakhalapo pa mpando wa mnzake.

Dzuwa litayamba kuwawa chaka chino, amayi anayamba kudandaula kuti eyakoni, yoziziritsa m'galimoto ija, ikuwauzira mpweya wotentha. Ababa anaika dzanja pa kabowo kotulukira mpweya ka mbali yawo n'kunena kuti kukuzizira ngati mufiriji. Amayi anati, "Taikani dzanjalo kunoko." Ababa anayankha kuti woyendetsa wanzeru satambasula dzanja mpaka kutali pamsewu wodzaza njinga zamoto. Akafika kumene akupita amazimitsa galimoto, nkhani yathera pomwepo, mawa kuyambiranso.

Ababa anali ndi mfundo imodzi imene inatigonjetsa tonse. Ankati eyakoni ikafa imangosiya kuzizira, siyatsa mbaula. "Munthu wamisala uti angaike moto m'galimoto, dzuwa lili laulere chonchi?" Ine ndinavomera ndi mutu. Kuno kwathu ndani anaonapo galimoto yofunditsa anthu?

Ndiye ababa anagamula kuti vuto si galimoto koma thupi la amayi. Akuti ndi msinkhu. Anandituma kuti ndiwakhule msana ndi kandalama kachitsulo ndi mafuta kuti mphepo yoipa ituluke, ndipo ndinawakhula mpaka msana wonse mizere yofiira. Anawagulira mitsitsi yoziziritsa magazi. Anawaletsa tsabola, amayi amene sadya mango aawisi opanda tsabola ndi mchere!

Kenako munaimba inu. Ndinali pomwepo, ndinamva zonse. Munati, "Amayi, ndi kukula kumeneko, muzingomwa madzi ambiri, ndikutumizirani mankhwala." Amayi anangondipatsa foni n'kupita kukathirira maluwa amene anali atathirira kale.

Inenso sindidziyeretsa ayi. Ndimayenda pa njinga yanga yamoto, galimotoyo sindikwera kawirikawiri, koma kutsika masitepe n'kukaika dzanja pa kabowoko sikukanandithyola mwendo. Amati kutsutsa galu n'kukumba, koma banja lonse makasu tinasiya m'nyumba.

Amene anatikumbira ndi agogo Sovath, amonke okalamba a kukachisi kwathu aja. Anaitanidwa kukadalitsa nyumba yatsopano kutsidya kwa mtsinje, ndipo ababa anadzipereka kuwanyamula. Amonke anakhala kutsogolo, amayi ndi ine kumbuyo, titapinda manja mwaulemu.

Njira yonse agogo ankangoyang'ana kutsogolo. Ine ndinkangoona mutu wawo wometa uja ukunyezimira, thukuta lili kamukamu, likutsikira m'khosi mpaka mkanjo wawo unasintha mtundu. Ababa ali mbali yawo yozizira, akufotokoza ubwino wa galimoto za ku Amereka.

Titafika, agogo anatsika pang'onopang'ono, anapukuta nkhope, n'kuuza ababa mofatsa kuti zaka zonsezi akhala akuphunzitsa anthu za moto umene umadikira ochita zoipa, koma anthu samva. Akuti, "Mudzandibwereke galimotoyi, mwana wanga. Ndizingowakweza mbali ino, ulaliki osafunikanso."

Achimwene, ababa anathamanga! Anazungulira galimoto, anailiza, n'kuika dzanja pa kabowo ka mbali ya amayi. Analichotsa msanga ngati agwira chivundikiro cha mphika. Anagwada pamaso pa agogo n'kupepesa katatu.

Ine ndinaseka mpaka misozi, ndikuganiza kuti nkhani yatha bwino. Nditacheuka ndinaona kuti amayi sakuseka.

Titabwerera kunyumba anayankhula mawu ochepa, osakweza n'komwe. Anati iwo anena chinthu chomwecho kuyambira mango asanapse, ndipo malipiro ake akhala kukhulidwa msana ndi kulandidwa tsabola. Amonke anena kamodzi, mwanthabwala, mwamuna wawo wagwada. Anati, "Ndiye kuti m'nyumba muno mawu anga amafunika mboni yometa mutu. Chabwino, ndikameta wanga."

Sanali kuseka. Anatsitsa chikwama, anaikamo zovala ndi nsalu yoyera, n'kunena kuti Chaka Chatsopano sapita ndi ababa kumudzi ku Pursat. Akuti apita kwa amayi aang'ono a Sophorn, ndipo chikondwerero chikatha akalowa m'gulu la amayi ometa mutu, ovala zoyera, amene amakhala pakachisi. Mumawadziwa amayi. Akanena za chikwama ndiye kuti nthawi yonyamukira basi afunsa kale.

Ababa m'mawa mwake analawirira kugalaja. Anapeza amakaniko onse apita kale kumidzi kwawo kukadya chikondwerero, kwangotsala mlonda. Anayesa galaja ina, kumeneko anawauza kuti abwere chaka chikalowa. Anabwerera kunyumba nkhope ili yakugwa, n'kundifunsa chinthu chimene sanandifunsepo chibadwire changa. Anati, "Rachana, kafoni kakoko kakuti chiyani?"

Tinapeza kanema wa mzungu wina akukonza galimoto yonga yathu, kunja kwake kuli mbuu ndi chisanu. Chiyankhulo chake sitinamve, koma manja ake tinawamva. Kodi inu mumadziwa kuti galimoto za kumayiko ozizira zimakhaladi ndi mbaula m'mimba? Mumadziwa ndithu, mumakwera zotero tsiku ndi tsiku, ndipo simunatiuze!

Kuseri kwa dashibodi kuli tizitseko tiwiri, kena ka woyendetsa, kena ka wokwera. Kachitseko kalikonse kali ndi kamota kake, kakang'ono ngati bokosi la machesi, kamene kamakatembenuzira ku mpweya wozizira kapena wotentha. Kamota ka mbali ya amayi kanafa kachitseko kali ku moto. Basi, matenda onse a amayi anali amenewo.

Kamota kena tinakapeza kwa mayi wina wogulitsa zida zakale kuseri kwa msika. Anakazula m'galimoto yochita ngozi, akutafuna njere za mavwende, n'kutichenjeza kuti sikuluwu yomaliza yatukwanitsa anthu opemphera ambiri.

Ine ndinati ndigwire ntchitoyo ndine, poti ndine wochepa thupi. Ababa anakana. Anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tinachotsa kabokosi ka patsogolo pa mpando wa amayi, ndipo apa m'pamene tinazindikira chimene mzungu uja sanachione ngati vuto. Kuti munthu afikire kamotako ayenera kugona chagada, mutu pansi popondapo mapazi, miyendo m'mwamba pa mpando.

Taganizirani, achimwene. Ababa athu, amene sitidutsa kumbuyo kwawo osawerama, amene ometa tsitsi amayamba apepesa asanawagwire mutu! Anaima kanthawi akuyang'ana kamphasa kamene amayi amapondapo. Kenako anavula nsapato, anavula magalasi, n'kulowa chamutu. Ine ndinagwada pafumbi kuti ndisakhale pamwamba pawo.

Asanamasule kanthu anandipatsa kiyi kuti ndilize galimoto, aone kamotako ngati kakuyenda. Aka kanali koyamba kuti ndigwire kiyi imeneyo. Nditangoliza, mpweya wa kumapazi unawawomba kumaso kwenikweni. Anakuwa kuti, "Zimitsa! Zimitsa, mwana iwe, ukundiwotcha!" Ndinazimitsa, n'kukachotsa waya wa batire monga anachitira mzungu.

Amayi nthawi yonseyi anali pakhonde, chikwama chili pambali, akusenda mango ngati kuti pabwalo palibe chikuchitika. Koma miyendo ya ababa itakwera, mapazi anakalunjika pa kachifanizo ka Buda kamene kamalendewera pa galasi. Amayi anataya mpeni, anatsika liwiro, anakachotsa n'kukakulunga mu mpango wawo. Anati, "Musaganize kuti ndabwerera inu. Ndabwerera awa."

Sanabwerere kukhonde. Anaima pomwepo akuonerera mmene ndinkagwirira tochi, mpaka anandilanda, akuti ndikuunikira mphuno za ababa m'malo mwa ntchito. Anansi nawo anayamba kusonkhana pampanda. A Vuthy ogulitsa madzi a nzimbe anafuulira ababa kuti, "Aphunzitsi, mwayamba liti kuyenda ndi mutu?" Ababa anayankha ali pansi pomwepo kuti pamene a Vuthy anayamba kuganiza ndi mapazi.

Masikuluwu oyamba anatuluka mosavuta. Yomaliza ija inabisala kuseri kwa chitsulo, malo oti diso siliona, dzanja lokha ndilo limafufuza. Ababa analimbana nayo mpaka zala zinasupuka, nkhope ili psuu, akutchula mayina a nyama zosiyanasiyana.

Amayi anawayang'ana kwa nthawi, kenako anafunsa kuti, "Bambo a Kimheng, mukudziwa pamene pali mutu wanuwo? Pamenepo m'pamene ndimaponda ine, ndi matope a kumsika omwe."

Ababa anati, "Ndikudziwa, make Kimheng. Lero m'pamene mutu wanga uyenera kukhala."

Amayi anandipatsa tochi ija, anagwada, n'kulowetsa dzanja lawo lowonda lija pamwamba pa nkhope ya ababa. Anati, "Chotsani zala zanu zonga nthochizo." Sikuluwu inatuluka.

Kamota kakale titakatsegula tinapeza timano take ta pulasitiki titaperepeseka. Amayi anakaika m'thumba la bulauzi, akuti akakaonetse amayi aang'ono ngati wodwala weniweni. Katsopano kanavuta pang'ono kulowetsa kadzanja kake mu kachitseko, koma awiriwo anakalowetsa, akukangana kuti kumanzere n'kuti. Kudzutsa ababa ndiye kunafuna ine ndi a Vuthy, wina mwendo uwu wina uwo.

Titabwezera batire, amayi anakhala pampando wawo, ababa analiza galimoto. Tonse tinangoti maso pa amayi. Anaika dzanja pa kabowo, anatseka maso, n'kunena kuti, "Rachana, kanditengere chikwama chija. Uchiike kumbuyo, pamodzi ndi cha abambo ako. Nsalu yoyerayo uibwezere m'kabati."

Ku Pursat tinapita tonse. Tili m'njira amayi anadzifunditsa mpango n'kunena kuti tsopano kwazizira mopitirira. Kunja dzuwa linali loswa mtengo, ine kumbuyo thukuta likuyenderera. Ababa sanaike dzanja paliponse. Anangoti, "Kwaziziradi," n'kuchepetsa eyakoni. Pa malo opumira anawagulira mango aawisi, tsabola wake anachita kuwonjezetsa.

Tsiku losambitsa makolo tinawakhazika pamipando pabwalo la kumudzi, tinawathira madzi a maluwa n'kupempha kuti atikhululukire zolakwa za chaka chatha. Ine ndinapepesa za kukhula msana kuja. Amayi anandikoka khutu n'kuseka. Ndiyeno anayang'ana malo amene mumagwada inu zaka zonse, ndipo kuseka kunatha.

Apa ndiye pagona pempho langa. Mwaona kuti masiku ano mukaimba amayi amakhala ali kubafa, kapena ali kwa anansi? Sakhala kubafa, achimwene. Amakhala pomwepo, akundikodola kuti ndiname. Mankhwala munatumiza aja ali pamwamba pa kabati, osatsegula.

Ndinawafunsa kuti bwanji akhululukira ababa koma inu ayi. Anati mwamuna wouma mutu anamupeza ali wamkulu kale, si iwo anamuumba. "Koma Kimheng ndinamunyamula ine. Ali khanda akalira, sindinkafunsa mboni kuti ndikhulupirire kuti china chikumupweteka."

Ndiye imbani Lamlungu likubwerali. Ine ndidzawagwirira foni kukhutu kuti asathawe. Musadzafotokoze za mbaula za ku Korea, musadzafunse ngati akumwa madzi, musatumizenso kanthu. Ababa anaika mutu pamene amayi amaponda, anansi onse akuonerera. Inu ntchito yanu ndi yopepuka. Mudzangoti, "Amayi, munkanena zoona," ndiyeno mudzatseke pakamwa mpaka iwo adzayankhe, ngakhale patatenga nthawi yaitali.

Ababa akupereka moni, msana ukuwawabe koma akuti musauze munthu. Amayi aang'ono a Sophorn akuti muzidya mokwanira. Mundiperekere moni kwa msuweni wathu Piseth ndi anzanu onse a kumunda wa bowa. Chaka chatsopanochi chikupatseni moyo wautali, mphamvu, mtendere, ndi makutu.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Rachana