Mboni ya Ukwati Wanga Woyamba

Ellenbrook, Perth
14 Ogasiti 2025

Okondedwa achimwene Overstone,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Mtakataka. Bondo lija linasiya kutupa? Kuno tikudzuka. Kukuzizira, mvula siikukata, ndipo mwana wathu Atusaye anali ndi chifuwa koma wachira. A Lamson akupereka moni.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pomwe foni ilipo. Kawiri konse ndakuyimbirani kuti ndinene nkhaniyi, koma tinangothera kukamba za feteleza.

Mukudziwa kuti ndimasamalira okalamba ku Fremantle. Mmodzi mwa iwo ndi mayi Katherine, a zaka 86, omwe makolo awo anachokera ku Scotland. Maso awo anafooka, ndiye Lachiwiri lililonse ndikatha kuwasambitsa ndimawawerengera mapepala omwe anasonkhanitsa a mbiri ya mtundu wawo. Mu Juni tinafika pa mayi wina dzina lake Mariota, mwana wa mfumu ina yaikulu, yemwe akuti anakhalako zaka 600 zapitazo.

Mariota anakwatiwa katatu. Koyamba anali ndi zaka 14. Bambo ake anampereka kwa mdani wawo kuti nkhondo yolimbirana malire ithe. Atakula analembera Apapa kuti ukwatiwo uthetsedwe, popeza sanavomere ndi mtima wake, anachita kuopsezedwa. Kunafunika mboni. Mchimwene wake, yemwe anamukweza pahatchi tsikulo iye akulira, anakalumbira kuti mlongo wake anapita akusekerera. Ankaopa kuti nkhondo iyambiranso.

Mariota anakhala m'nyumba imeneyo zaka zina 19, mpaka mwamunayo atamwalira. Maliro asanaiwalike, mfumu ya dziko inampereka kwa munthu wina chifukwa cha minda yake. Wachitatu yekha ndiye anachita kusankha mwini wake, imvi zili kale mbuu, ndipo chaka sichinathe Mariotayo n'kumwalira.

Achimwene, tsambalo sindinalimalize. Mayi Katherine anandifunsa chomwe chavuta, ine ndinati ndi chimfine. Iwo anati akhala zaka zambiri padziko, chimfine amachidziwa. Pobwerera ndinakhala pa siteshoni ya Perth, masitima awiri a ku Ellenbrook n'kunyamuka ndikungowayang'ana.

Tsopano imvani zomwe ndachita.

Ine ndi a Lamson ukwati wathu ndi wa kuboma. Kutchalitchi ndimawerengedwabe kuti ndine mkazi wa a Yosefe. Zaka zisanu ndi zinayi anzanga akamapita kukalandira Ukaristia ine ndimatsala pabenchi, n'kumapinda miyendo kuti adutse. Atusaye alandira koyamba mu Novembala. Tsiku lina m'galimoto anandifunsa m'Chingerezi chake chija ngati ndinachita tchimo lalikulu kwambiri moti Mulungu sangandikhululukire. A Lamson anangokweza wailesi.

Mwezi watha ndinapita kwa Bambo Mfumu. Anandifotokozera kuti Mpingo uli ndi bwalo loona za maukwati, ndipo lingathe kugamula kuti ukwati woyambawo sunali ukwati, ngati zitatsimikizika kuti ndinaulowa mokakamizidwa. Koma mawu anga okha sakwanira. Pakufunika munthu amene analipo. Amayi anatisiya, amalume anatisiya. Mwatsala inu.

Ndawapatsa dzina lanu ndi nambala yanu ya foni osakupemphani. Mundikhululukire. Akuti wansembe wina wa kumeneko adzakuitanani mu Seputembala, ndipo mudzalumbira musanayankhe.

Zomwe adzafunse mukuzidziwa. Ndinali ndi zaka 17. Inu munali mutatomera kale alamuwa, mlongo wa a Yosefe, ndipo akwawo ananenetsa kuti ine ndikakana mwana wawo, inunso muiwale za mwana wawo. Ndinathawira kwa azakhali ku Golomoti. Munabwera panjinga kudzanditenga. Panjira, pamlatho paja, munaima n'kundiuza kuti: "Ukakakana pamaso pa ansembe, pakhomo pa amayi usadzapondenso." M'mawa wa ukwati munakhala pampando pakhomo la chipinda changa mpaka galimoto itafika.

Sitinakambepo zimenezi, ngakhale tsiku lomwe munandiperekeza kubasi ndikuchoka kwa a Yosefe, diso lili lotupa. Munangondinyamulira chikwama. Ndinamva zomwe munkafuna kunena, ndipo sindinakusungireni mangawa. Munali ndi zaka 23, nanunso munapanikizika.

Ndikudziwa chomwe ndikukupemphani. Bwalolo lidzalemberanso a Yosefe, ndipo nkhani ikafika kwa iwo yafika kwa alamu. Adzamva kuti amuna awo akalumbira kuti banja lakwawo linatenga mtsikana mokakamiza. Mwakhala nawo zaka 21 mwamtendere, ana asanu. Ine ndili kutali kuno, amene mudzadye nawo mbale imodzi tsiku limenelo ndinu. Ndikaganiza zimenezi chakudya sichilowa. Lolemba ndinaiwala kuzimitsa mbaula kuntchito, mwayi mnzanga anaona.

China n'chakuti a Lamson sadziwa mbali yanu. Ndinawauza kuti amene anandikakamiza anali amalume okha. Amakulemekezani kwambiri, ndipo sindikudziwa kuti ndidzayambira pati.

Sindikukukakamizani, achimwene. Ngati muona kuti nyumba yanu igwa, auzeni ansembewo kuti simungathe kuikira umboni. Zidzandipweteka, koma ndidzapirira, benchi ndinalizolowera. Chimodzi chokha ndikugwirani mwendo: musakalumbire kuti ndinapita ndikusekerera. Zimenezo sindingazipirire, ndipo sindikudziwa ngati ndingadzathenso kukuyimbirani.

Mukawerenga musandiyankhe msanga. Pitani kaye kumunda, kapena ku Misa. Mukakonzeka, ingonditumizirani uthenga wa mawu amodzi, eya kapena ayi. Foni ndimayenda nayo m'thumba la yunifolomu, ngakhale saloleza.

Mundiperekere moni kwa azakhali ku Golomoti, kwa Luwayo ndi azing'ono ake onse. Alamu muwauze kuti ndimawakonda, ndipo zimenezo si zonama. Ambuye akusungeni, akupatseni nzeru pa zomwe ine ndakusenzetsani.

Ndine mlongo wanu,
Consolata