Mkamwini wosadziwa tsiku la mvula

Aphungu,

Ndine mtsikana wa kwa Mlolo ndipo mtima wanga suli m'malo. Bwenzi langa Yoweli, wa ku Pembamoyo, akuphunzira kunja za zinthu zakuthambo. Akuti m'milalang'amba yoyandikana ndi wathuwu muli malo otulutsa kuwala kwamphamvu kwa ekisire, konga kuja amaunikira chifuwa kuchipatala. Maso sakuona, amachita kujambula ndi setilaiti.

Atabwera kutchuthi anadzaonekera kwathu. Atsibweni anga, a Simeoni, atamva kuti ntchito yake ndi ya kumwamba anasangalala, pajatu chilala cha 1992 chinatisiya manja ali m'khosi. Anamufunsa kuti, "Nanga chaka chino mvula igwa liti, tidzale?" Iye anati, "Pepani, sindikudziwa." Bola akanalekera pomwepo! Anatulutsa chithunzi cha timadontho tokhatokha, nati kuwalako kunanyamuka zaka mamiliyoni zapitazo, ndipo kumeneko ndiye kufupi. Mayi anga aang'ono, a Elinata, anati chikufanana ndi khoma logonapo ntchentche.

Kenako atsibweni anamupatsa khasu monga achitira ndi mkamwini aliyense. Mizere yake inakhota ngati njira ya munthu wochokera kumowa. Tsopano atsibweni akuti mwana wa mlongo wawo sadya nyenyezi, ukwati palibe. Yoweli akubwerera kunja Khirisimasi ikatha. Ndimamukonda, ndipo ndalira mpaka maso kutupa. Kodi ndingothawa naye?

P.M., Chadiza.

Wokondedwa P.M.,

Kuthawa ayi, khala pansi. Mwa anyamata khumi ofuna mbeta, asanu ndi anayi akanatchula tsiku la mvula pomwepo, atsibweni ako n'kudzala, mbewu n'kupsera m'nthaka. Wakoyo anasankha manyazi m'malo mwa bodza. Ameneyo usamutaye.

Koma atsibweni ako sakulakwa. Akufuna kudziwa ngati udzadya, ndipo timadontho sitiyankha funso limenelo. Muuze Yoweli abise chithunzicho m'sutikesi, zaka mamiliyonizo akauze aphunzitsi ake. Atume ankhoswe ake akafotokoze mwachichewa kuti ndani amamulipira, mudzakhala kuti, ndipo adzamaliza liti maphunziro.

Yoweliyo abwerere kumunda tsiku lililonse mpaka atanyamuka. Mkamwini sapatsidwa khasu kuti awongole mizere, koma kuti akuluakulu aone ngati mawa abweranso matuza ali m'manja. Apemphenso atsibweni amuphunzitse kulima. Sindinaonepo mkulu wokana kuphunzitsa munthu wa kuyunivesite, ndipo adzalengeza zimenezo mpaka kwa Zingalume. Iwe gwira mwendo wa a Elinata. Munthu woseka chonchija mtima wake suuma.

Chenjezo langa ndi limodzi, mwanawe. Mnyamata amene amati ulendo wa zaka mamiliyoni ndi pafupi, akanena kuti "ndibwera posachedwa" usangovomera. Atchule mwezi ndi chaka pamaso pa ankhoswe asanakwere basi. Za mvula tamukhululukira, koma tsiku la ukwati alidziwe.

Aphungu.