Machira Amene Anatsala Pakhomo Panga

Lachinayi, 9 Meyi

Okondedwa mlongo wanga,

Ndayamba ndi moni, ngakhale uthenga umene munatumiza kudzera mwa kondakitala wa basi unalibe moni. Akuti munati ndamupha mwana wanu ndi pakamwa. Ndamva. Ine ndilipo, mawondo okha ndiwo akudandaula. Akundilembera kalatayi ndi a Telala, anzanga a pakhonde la sitolo, poti mukudziwa kuti ine ndi cholembera sitinadziwanepo. Ndawauza kuti alembe momwe ndikunenera, asandipindire mawu ngati mpendero wa diresi.

Mwanayo musanene kuti ndi wanu nokha. Munamusiya m'manja mwanga mamina ali pamphuno, inu mukupita kutaliko ndi amuna anu. Anaphunzira ndi zidebe zimene ndinkakhoma ine, ndipo mkazi wanga, malemu alamu anuwa, ndi amene ankamuchapira yunifolomu. Tsiku limene anasankhidwa kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo ndinavina mpaka nsapato kung'ambika. Chipani ndinachilowa iye asanabadwe, ndipo utcheyamani wa nthambi yathu sindinaupemphe kwa munthu. Choncho musaganize kuti otsutsa boma anandigula. Alibe thumba loti ine ndingakwanemo.

Pamaliro munabwera, munalira, munabwerera, koma sindinakuuzeni zonse. Tsiku lija kunali msonkhano wa chipani. M'mawa ambulansi ya chipatala chathu chaching'onochi inaima pageti panga kudzanditenga. Sikunali koyamba. Lole ikasowa, anyamata a chipani ankatenga imeneyo, nkutsitsa machira ogonekapo odwala kuti mipando ndi masipika zikwane. Machirawo anawatsamiritsa pakhoma la shedi yanga, pafupi ndi malata.

Alamu anu anatuluka atamanga mpango pachipumi. Anati, "Bambo, mutuwu ukundiwawa mwachilendo lero."

Ndinati, "Imwani mapiritsi, ndibwera dzuwa lisanapendeke."

Anayang'ana galimotoyo nkunena kuti, "Ya odwala imeneyo. Simukuchita nayo mantha?"

Ndinawayankha kuti za chipani azisiyire eni ake. Amenewo ndiwo mawu anga omaliza kwa munthu amene ndinakalamba naye. Ndinakhala kutsogolo, pambali pa dalaivala, ndipo podutsa pamsika anaimba saireni, ine dzanja lili pawindo kubayibitsa anthu.

Masana alamu anu anagwa pampopi akutsuka mbale. Aneba anathamangira kuchipatala, anapeza pamalo pa ambulansi pali madontho a oyilo okha. Ndiye anatenga machira aja, kuwagoneka alamu anu, kuwanyamula wapansi. Namwino anati mtsempha wa m'mutu waphulika, akufunika chipatala chachikulu msanga. Anadikira galimoto pabenchi mpaka anasiya kudikira. Ine ndinafika mawu atasasa ndi nyimbo, ndinapeza machira abwerera kale pakhomo, azimayi akusesa pabwalo kukonzekera maliro.

Ndikanafa nayo nkhaniyi mumtima, koma wailesi inandikaniza. Tsiku lina ndikukhoma chidebe ndinamva phungu wamkazi wa otsutsa akutchula dzina la alamu anu m'Nyumba ya Malamulo. Anati ambulansi inali kumsonkhano, mayi wosauka nkufa ngati nkhuku. Mwana wanu anaimirira. Mawu ake ndimawadziwa ngakhale pakati pa anthu chikwi. Anati, "Bambo Sipikala, limenelo ndi bodza. Ambulansi inali kugalaja." Pamenepo kunabuka phokoso. Awa akumenya matebulo, awo akukuwa kuti wabodza, enanso akubweza kuti akuba ndinu, pamene munali m'boma ambulansi munkanyamulira simenti. Wina anaponya nthabwala, Nyumba yonse nkuseka. Mlongo wanga, ankaseka dzina la mkazi wanga lisanazizire m'kamwa mwawo. Sipikala atatopa ndi kukuwa kuti bata, analamula kuti komiti ya mbali zonse ibwere kuno idzafufuze.

Woyamba kundipeza anali mwana wanu. Anakhala pachitsa cha m'shedi, suti yake ikugunda dzimbiri, maso akuthawa pakona pamene ndinaimika machira.

Anati, "Amalume, a chipani akuti ndikagwa ine, mpando wapita. Inu mukangonena kuti simunaone kanthu. Sakakufunsani zambiri, akudziwa kuti simunapite kusukulu."

Ndinati, "Kusukulu sindinapite, koma maso ndinabadwa nawo. Iwe unapitako, anakakuphunzitsa kuti galaja imakhala pabwalo la msonkhano?"

Anati, "Ndiye mundilole anyamata adzachotse chinthucho."

Ndinati, "Chinthucho chinanyamula munthu amene ankakupukuta mamina. Achikhudze aone."

Anatuluka osatsanzika.

Otsutsa nawo sanachedwe. Mayi wa pawailesi uja anabwera yekha, shuga ndi sopo zili m'jumbo, nkhope ya chisoni ngati anali m'bale. Anati, "Agogo, pepani kwambiri. Mukangonena kuti munamuuza phunguyo kuti amayi adwala, iye nkukaniza galimoto. Zotsalazo tikamaliza ife." Ndinamufunsa ngati anawaonapo alamu anu ali moyo. Anati ayi. Ndinati atenge shuga wakeyo akatsekemeretse bodza kwina, pano tinazolowera tiyi wopanda kanthu.

Komiti inakhala m'kalasi ya pasukulu ya pulayimale. Taonani, mlongo wanga, kulowa m'kalasi koyamba ndili ndi imvi, kukhala padesiki ya mwana, mawondo kufika pachifuwa. Machira ndinawasenza ndekha paphewa kuchokera kunyumba, ndipo ndinakana galimoto za mbali zonse ziwiri. Ndinawagoneka patsogolo pa bolodi. Namwino atawaona anaphimba nkhope ndi manja.

Ndinanena kuti ambulansi sinali kugalaja, inali kumsonkhano, ndipo phungu wathu anaiona poti masipika amene analankhulira anatsika m'menemo. A mbali ya boma anadumpha. Wina wa mimba yaikulu anati, "Madala, chisoni chakusokonezani mutu. Mwagulidwa zingati?" Otsutsa anayamba kuwomba m'manja. Ndinawauza kuti asunge manja awo, sindinamalize.

Mayi uja anafunsa mokoma kuti, "Ndiye phunguyo anadziwa kuti amayi adwala, sichoncho agogo?"

Ndinati, "Sanadziwe. Anamva madzulo pamodzi ndi ine, ndipo analira kuposa ine. Amene anadziwa kuti mutu ukuwawawa ndi ine. Amene anaona machira akutsitsidwa nkukhala chete ndi ine. Amene anakhala kutsogolo akubayibitsa anthu ndi ine ndemwe."

Anati, "Zimenezo sitinakufunseni."

Ndinati, "Ndiye munabwerera chiyani?"

Zimene zinatsatira ndinachita nazo manyazi ngati ndine ndinawabereka. Anayamba kukanganirana mawu anga ine ndili pompo, ngati agalu awiri pa fupa limodzi. A boma ankafuna kuti zilembedwe zoti phungu sanadziwe za matenda, zinazo akuti ndi zoyankhula za nkhalamba. Otsutsa ankafuna za galaja zokha, zinazo akuti nzapabanja. Aliyense ankafuna theka la choonadi limene lingamulowe m'thumba. Palibe anafunsa kuti ambulansiyo lero ili kuti. Ndinadzuka, ndinauza namwino kuti machira ake ndi awo, ndinatuluka.

Zotsatira zake mwazimva. Akuti Nyumba ikakumananso, mwana wanu aimirire pamaso pa onse, abweze mawu ake ndi kupepesa, apo ayi amutulutsa. A chipani andichotsa utcheyamani. Anatuma anyamata omwe aja kudzatenga mbendera imene inali padenga panga, ndipo ndinawabwereka makwerero. Anthu amene ndinkaimba nawo akandiona panjira amayamba kumanga zingwe za nsapato. Zidebe zobooka akupita nazo kwina. Zilibe kanthu, zidzawadonthera.

Mukufuna ndipepese. Sindipepesa. Munthu mmodzi yekha ndi amene ndikanamugwadira, koma sangandimvenso. Mwana wanu sindinamuphe. Bodza lija likanapita, akanakhala pampando, inde, koma tsiku lililonse akanamadutsa pageti panga akudziwa kuti ine ndikudziwa. Ndamulera ine, ndikumudziwa: akanayamba kundida, kenako akanadzida yekha.

Ndili ndi pempho limodzi. A chipani akumuuza kuti adwale dala tsikulo, dokotala amulembere, nkhani izizire. Inu ndinu mayi ake, amakumverani. Musitireni malaya, mumukweze basi, akanene ndi pakamwa pake kuti ananama. Akamukuwiza, aime. Akamuseka, aime. Ine ndinaima ndi mawondo owolawa, iye angalephere bwanji?

Mupereke moni kwa amuna anu, muwauze kuti mankhwala a shuga asamadumphitse. Moni kwa adzukulu onse. A Telala akuti moni, ndipo akuti dzanja lawatopa, koma ndawauza kuti adikire pang'ono.

Moni wotsiriza ndi wa munthu amene ali m'nyumba mwanumo, amene ndikudziwa kuti akumvetsera kalatayi ali kuseri kwa chitseko. Anthu akuti sakudziwa kumene wabisala, koma mwana akapsa chala amathawira kwa mayi ake. Iwe, mwana wa mlongo wanga, tamvera. Sindinakupereke wekha, ndinadzipereka ndi ine ndemwe. Kumanda sindinapiteko chiikireni maliro. Ndimafika pampanda nkubwerera. Ukakanena zoona ku Nyumba ya Malamulo, ubwere kuno, usabwere ndi galimoto kapena anyamata. Tikalowe awiri. Ndekha ndalephera.

Ndine mlongo wanu,
amene simungamusinthe,

Wokhoma zidebe