Mbuzi Makumi Anayi za a Fabiyao

Amayi, kodi kumene muliko mukudzuka bwanji?

Ife kuno ku Tsangano tilipo, Mulungu akutisungabe. Chithawireni kumudzi kwathu ku Macanga, mwezi womwe tinakuikani uja, tikukhala pafupi ndi msika m'kanyumba ka zipinda ziwiri. Mfuti zimamvekabe kumapiri, koma masiku ano zikulira patali. Pathupi paja munandisiya napo ndinabereka mwamuna, Tomasi. Makutu ake ndi a malemu abambo enieni, oti mukhoza kupetera chimanga. Mbatatesi zachita bwino chaka chino, nyemba zokha ndiye zinawauka ndi chisanu.

Koma chomwe chandikhazika pansi lero ndi nkhani ya mbuzi za mkamwini wanu, a Fabiyao. Mukudziwa kuti tili nazo ziwiri, zomwe tinathawa nazo zija, ina yotsimphina.

Mdzukulu wanu Lozina tsopano ali kalasi yachitatu. Kusikola kwawo kunabwera pulofesolo watsopano, ndiye kuti mphunzitsi, mnyamata waulemu wochokera kutali kunyanja. Iyeyu anaona kuti ana sakumva masamu a m'buku, chifukwa mafunso ake amangokamba za sitima ndi zombo, zinthu zomwe ana a kuno sanazionepo. Ndiye anaganiza zopeka mafunso akeake, okhala ndi mayina a anthu a konkuno. Tsoka ilo, dzina lomwe ankalidziwa bwino linali la a Fabiyao, poti ndi amene anafolera denga la sikolayo.

Tsiku lina Lozina anabwera akuthamanga, fumbi kobo, nkuima pamaso pa bambo ake. "Ababa, ndipatseni mbuzi zanga zisanu ndi zitatu!" Titamufunsa bwino, anatiuza funso lomwe linalembedwa pabolodi: a Fabiyao ali ndi mbuzi kwarenta, ndiye kuti makumi anayi, ndipo akufuna kugawira ana awo asanu mofanana, aliyense alandira zingati? Amayi, mwanayu chiyambire sikola anali asanakhozepo samu ngakhale imodzi. Imeneyi anaikhoza asanakhale nkomwe pansi.

Ine za mbuzi sindinazilabadire. Ndinangotembenukira kwa mkamwini wanu. "Bambo a Lozina, ine ndinabereka atatu. Awiri enawo ali kuti?" Analumbira mpaka kunyambita chala nkuloza kumwamba. Ndinawakhulupirira, komabe ndiwo tsiku limenelo ndinawapatsa zochepa.

Paja munkati pakamwa pa mwana palibe chitseko. Ana a kalasi yonse ankaloweza funsolo moimba panjira, ndipo pofika tsiku la msika Tsangano yense ankadziwa kuti a Fabiyao abisa mbuzi makumi anayi kuphiri. Mkamwini wanuyo, mmalo mokana, ankangomwetulira nkumati, "Ee, za anthu zimenezo." Anayamba kuyenda manja ali kumbuyo. Kutchalitchi anawakhazika kutsogolo, pa benchi yokhala ndi motsamira. Mpaka mlongo wanu, malume Jelemiya, anamva ali ku Furancungo, nkubwera pa galimoto zoperekezedwa ndi asilikali zija, atanyamula chingwe chatsopano. Akuti ankangofuna zitatu, zosakula kwambiri.

Kuseka kunatha tsiku lomwe kunabwera amilisiya awiri, aja olondera mudzi. Anati munthu wa mbuzi zambiri chotero ayenera kuganizirako anthu omwe akumugonera panja. A Fabiyao anawaonetsa khola. Iwo anayang'ana mbuzi ziwirizo, nkuyang'ana a Fabiyao, nati abweranso Loweruka kuti akumbukire bwino komwe kuli zinazo. Pochoka, wamkuluyo anandinong'oneza kuti, "Mayi, ife timapempha. Ankhondo a m'tchire aja akamva, sadzapempha." Amayi, inu mukudziwa zomwe a m'tchirewo anachita kwa a Binisoni kumudzi kuja chifukwa cha ng'ombe imodzi yokha.

Mmawa mwake ndinabereka Tomasi kumbuyo, nkuwatsogoza a Fabiyao mpaka kusikola. Pulofesolo atamva, choko chinamugwa m'manja. Anayamba kufotokoza kuti mbuzi za m'masamu si mbuzi zenizeni. Ine ndinati, "Apulofesolo, zimenezo mukawauze amilisiya ndi malume Jelemiya. Munazibweretsa ndinu mbuzizi, muzichotsenso nokha."

Anaganiza pang'ono, kenaka anaitana ana nkulemba funso lina. A Fabiyao anali ndi mbuzi makumi anayi, kwagwa matenda, zafa makumi atatu mphambu zisanu ndi zitatu, zatsala zingati? Lozina anawerengera misozi ili chuchuchu, koma yankho anapeza: ziwiri. Ndisanatuluke ndinakumbutsa za ana awiri aja. Apa pulofesolo anakanitsitsa, akuti iye sangaphe ana ngakhale pabolodi. Tinagwirizana kuti awatumize ku Malawi. Ana asanu, awiri athawira ku Malawi, atsala angati?

Uthenga wa maliro a mbuzi unathamanga kuposa woyamba uja. Anthu anabwera kudzapepesa, amayi a mpingo anaimba nyimbo ziwiri pakhonde. Amilisiya anafika Loweruka lija, anaima patali ndi khola kuopa matenda, nkubwerera. Malume anapita atakwiya, akuti mbuzi zonsezo kufa ife osafutsako nkomwe kanyama ka alendo. Chingwe chawo anachitenga.

Chodabwitsa ndi mkamwini wanu. Sabata yonse anangokhala pansi pa mtengo wa pichesi dzanja lili patsaya. Nditawafunsa chomwe chavuta, anapuma mozama nati, "Mayi a Lozina, ndinali munthu ine." Kutchalitchi abwerera kubenchi yakumbuyo. Ndipo dzana mayi wina wochokera kumsasa wa othawa nkhondo uko ku Malawi anandiuza kuti anawaona ana athu awiri aja, ali bwino, wamkuluyo akufanana ndi bambo ake.

Tsopano ndikupepeseni, amayi, chifukwa pali chomwe ndachita musanandilole. Pulofesolo anadandaula kuti ana abwereranso kosamva masamu, ndipo palibe kholo lomwe likulola dzina lake pabolodi. Ndinaganiza kuti pakufunika munthu amene amilisiya kapena a m'tchire sangamupeze. Ndinapereka dzina lanu.

Choncho mukamva ana akukutchulani kuno, musadzidzimuke. Mwezi uno wokha mwaweta nkhuku makumi asanu ndi limodzi, mwagawira adzukulu anu malalanje mofanana osatsala ngakhale limodzi, ndipo Lachitatu lapitali munapalasa njinga kuchokera ku Furancungo mpaka ku Ntengo-Wambalame, inu amene njinga munkaiopa ngati njoka. Panjira palibe anakuimitsani. Lozina akukhoza zonse. Akuti masamu a agogo savuta, chifukwa amafunitsitsa kudziwa ngati mwafika bwino. Ine ndimamvetsera ndili kuseri kwa nyumba, nthawi zina ndimaseka, nthawi zina ayi.

Msewu ukadzatseguka ndidzabwera ndi khasu kudzalambula pamanda panu, ndipo Tomasi ndidzamukhazika pambali panu kuti mudzamuone nokha. Ndalonjeza, amayi.

Ndine mwana wanu wokukondani ndi kukusowani,
Luziya